Mutu 6: Mankhwala a pa Liwombo la Elia

1. Makina a maginito

Mvula ya ku Dowa ikati igwe sifunsa kuti wayanika chiyani. Chaka chimenecho idagwa mpaka misewu ya m'mapiri idasanduka phala, ndipo maminibasi a ku Malomo ankangotsitsa anthu panjira n'kubwerera. M'nyengo imeneyo ndi mmene Tabita, mtsikana wophunzira kujambula odwala ku koleji ya ku Lilongwe, adatumizidwa kukazolowera ntchito pa chipatala china cha mishoni m'mapiriwo.

Tabita anali wanzeru, ndipo tsoka lake linali lakuti ankadziwa kuti ndi wanzeru. Kwawo kunali kumudzi, kwa alimi a fodya, koma zaka za m'tauni zidamuphunzitsa kuyankha funso lisanathe. Pa kompyuta ndiye osanena. Zala zake zinkafika maganizo akadali m'njira.

Chipatalacho chinali ndi makina aang'ono a MRI, ojambula m'kati mwa mutu wa munthu popanda kung'amba. Anthu a m'midzi ankangoti makina a maginito. Mwini ntchito m'chipindamo anali a Zuberi, bambo wa imvi wochokera ku Ntchisi, amene ankalankhula mosafulumira ngati kuti dzuwa limawadikira.

Tsiku loyamba a Zuberi adamukhazika pansi Tabita.

"Mwana wanga, makina awa sajambula ngati foni yakoyo. Thupi la munthu ndi madzi okhaokha. Maginito amadzutsa madziwo, madziwo amayankha, ndipo kompyuta imamvetsera n'kuika yankho lililonse pamalo pamene lachokera. Imadziwa malowo chifukwa mphamvu ya maginito imakhala yowongoka, ngati chingwe chimene bambo ako amakoka akamalima mizere ya fodya. Chingwe chikakola pachitsa, mzere umakhota, ndipo mizere yotsatira imakhotanso. Muno chitsa chathu ndi chitsulo. Kapini ka m'tsitsi n'kokwanira kusuntha ubongo wa munthu pachithunzi."

Kenaka adamuonetsa mpira wa pulasitiki wodzaza madzi.

"M'mawa uliwonse timayamba tajambula mpira uwu. Timaudziwa kuti ndi wobulungira. Ukatuluka wopindika, kompyuta imaona pamene maginito akhota, imalemba mapu, ndipo ndi mapu amenewo imawongola zithunzi za odwala. Koma mapu amawongola chokhacho chimene adayeza. Wandimva?"

"Ndamva, bambo. Zimenezi tinaphunzira kale chaka chatha."

A Zuberi adangomuyang'ana, n'kubwezera mpira uja m'kabati.

2. Chipewa cha ubweya

Lachisanu lina masana, a Zuberi atapita kumzikiti kukapemphera, namwino adalowa ndi mayi wina wachitsikana wanyowa mpaka m'chiuno. Dzina lake anali Manesi. Adachokera kumudzi wa kuseri kwa Malomo, theka la njira pa kabaza, theka lina pansi. Kumbuyo adabereka mwana wake woyamba, Elia, amene anali asanayambe n'kukwawa komwe.

Mwanayo sankalira. Mutu wake unali waukulu kuposa msinkhu wake, maso ankangoyang'ana pansi, ndipo mkaka uliwonse umene wayamwa ankaubweza. Amene adamuona pachipatalapo adakayikira kuti m'mutu mwake mwadzaza madzi.

"Tabita, chithunzi chikufunika tsopano lino," adatero namwinoyo. "Ambulansi ya ku Lilongwe inyamuka madzulo ano, ndipo mlatho wa panjira mmene wawonongekeramu, sitikudziwa kuti idzapitanso liti. Malo atsala a munthu mmodzi. Dokotala Ruksana, amene amachita maopaleshoni a ana kumeneko, akaona chithunzi ndi amene anene ngati mwanayu akwere kapena adikire."

Magetsi anali atazima chiyambire m'mawa. Makina ankayendera mabatire, ndipo mphamvu yake inali itatsika kwambiri. Tabita adaona kuti akadikira a Zuberi, nthawi itha. Komanso, tinene zoona, mtima wake udakondwa kuti lero agwira yekha ntchito.

Adafunsa mafunso onse amene adaphunzitsidwa. Manesi adavula ndolo, adachotsa pini amene adamangira chitenje, adasiya foni ndi makiyi panja. Tabita atafika pachipewa cha ubweya chimene mwanayo adavala, Manesi adamugwira dzanja.

"Chipewa chokhachi musamuvule, achemwali. Kukuzizira."

Tabita adachikhudza. Chinali choluka pamanja, chopanda batani kapena waya. Koma atawerama adamva fungo la mafuta a nsatsi ndi utsi. Fungo limenelo ankalidziwa bwino, pakuti iyenso adakulira kumudzi, ndipo azing'ono ake onse ankanunkha chomwecho ali makanda. Kunalibe chovuta kufunsa kuti pansi pa chipewapo pali chiyani. Koma adachita manyazi kuchititsa manyazi munthu mnzake wakumudzi, ndiponso nthawi inkathamanga.

"Chabwino, mayi. Mugonekeni apa."

Makina adayamba kugogoda. Elia adagona phee, mayi ake atamugwira kaphazi.

3. Chithunzi chokongola

Chithunzi chitatuluka pa kompyuta, Tabita adatukula nsidze. Pansi pa mutu panali bwinobwino, koma pamwamba panali chidzenje chakuda, ngati dzungu limene khoswe walilawa. Mozungulira dzenjelo zonse zinali zokhota, ndipo malo a madzi m'kati mwa ubongo adapendekera mbali imodzi.

Adaitana mapu a m'mawa uja. Chithunzi chidawongoka pang'ono m'mbali, koma dzenje lidakhala pomwepo.

Apa ndi pamene luso lake lidamupereka. Mu pulogalamuyo munali njira ina yosalazira zithunzi, imene a Zuberi ankaigwiritsa ntchito pang'ono chabe, pochotsa timadontho. Tabita adaikankha mpaka kumapeto. Kompyuta idatenga za kumanja ndi za kumanzere n'kudzaza dzenje lija. Mutu udabulungira. Ubongo wa pamwamba udaoneka wochindikala, ndipo malo a madzi adachepa. Chinali chithunzi chokongola, chonga za m'mabuku a ku koleji.

Tabita adamwetulira, n'kupita kukatulutsa mwana.

Pomunyamula, chipewa chija chidakola m'mphepete mwa makina n'kuvuka. Pa liwombo la Elia panali phala lakuda, lokhuthala, louma m'mbali. Tinyenyeswa take tidagwera pa makinawo, ndipo m'malo mogubuduzika, tidakakamira pomwepo titaimirira njo. Tabita adatipukuta ndi chala. Tidabwereranso.

Adatembenukira kwa Manesi.

"Mayi, mankhwala awa anakonza bwanji?"

Manesi adafulumira kubwezera chipewa. Adayankha akuyang'ana pansi.

"Ndi apongozi anga. Anati liwombo la mwanayu likukana kutseka, n'chifukwa chake mutu ukukula. Anawotcha mizu pa khasu lakale, ladzimbiri, n'kuperera pakhasu pomwepo ndi mwala mpaka zinasanduka ufa. Ndiye anasakaniza ndi mafuta a nsatsi. Kodi ndalakwa, achemwali?"

Tabita adadziwa kuti dzimbiri la khasu lija ndilo lidakhotetsa maginito, ndipo mapu a m'mawa sadalidziwe chifukwa mpira wa pulasitiki supakidwa mankhwala a liwombo.

4. Tumiza

Nthawi yomweyo a Zuberi adalowa akukutumula ambulera. Namwino anali atawauza kale nkhani panjira. Adavala magalasi, n'kuweramira pa kompyuta.

"Wajambula wekha? Eee, koma mwana iwe uli ndi dzanja. Taona kuyera kwake." Adaloza ndi chala. "Madzi alimo, koma si ochuluka monga ankaopera. Ubongo wa pamwambawu ukadali bwino. Ndikuona ngati a dokotala anena kuti abwere mvula ikatha. Tumiza, nthawi yatha."

Nkhope ya Manesi idawala koyamba chilowereni.

"Ndiye kuti tibwerere kumudzi, bambo? Mwana wanga sang'ambidwa?"

Chala cha Tabita chinali pa batani. Palibe amene adaona dzenje lija koma iye yekha. A Zuberi, amene sankayamikira munthu chisawawa, anali atangomuyamikira kumene, ndipo ndi iwo amene adzalembe lipoti lake lopita ku koleji. Elia adabweza kamkaka pa phewa la mayi ake, maso ali pansi.

Tabita adachotsa chala.

"Bambo, chithunzi ichi n'chabodza."

"Wati bwanji?"

"Ndachikonza ndine. Chenicheni ndi ichi." Adabweza chithunzi choyamba chija, chadzenje. "Mwanayu ali ndi mankhwala pa liwombo, operedwa pa khasu. Fungo ndinalimva ndisanajambule, koma sindinafunse. Dzenje litatuluka, ndinalikwirira."

A Zuberi adavula magalasi. Adapempha Manesi kuti akadikire pa benchi panja. Kenaka adakhala pampando, ndipo sadakweze mawu ngakhale pang'ono.

"Tabita, tamvera. Kuwongola chithunzi ndi kwina, kuchipeka ndi kwina. Pamene maginito angokhota, uthenga wa thupi umakhalapo, wangosochera malo, ndipo mapu amaubweza kwawo. Kumeneko ndiko kuwongola. Koma pamene chitsulo chameza uthenga wonse, palibe chobweza. Kompyuta sidziwa kunena kuti sindikudziwa. Ukaiuza kuti dzaza, imadzaza, ndipo imadzaza mokongola. Ine amene ndakalambira pa ntchito imeneyi wandipusitsa. Nanga dokotala amene ali kutali, amene mwanayu sanamuone n'komwe? Iye maso ake ndi iwe. Ukamunamiza, wonama si iye, koma maliro akachitikira kwa eni mwana.

"Ndipo usaganize kuti unawachitira ulemu mayi aja posawafunsa. Ulemu wotani umene umabweza mwana wodwala kumudzi? Wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu athu amabwera kuno atayamba ayesa zakumudzi, ndipo sachita zimenezo chifukwa chodana ndi ana awo. Amachita chifukwa chowakonda. Ntchito yako si kuwaseka, komanso si kutseka maso. Ntchito yako ndi kufunsa mwaulemu, n'kudikira yankho. Chithunzi choipa chimene chikunena zoona tingachigwiritse ntchito. Chokongola chabodza n'chakupha."

Misozi idatsika m'masaya mwa Tabita. Adachita manyazi kwambiri, ndipo adachita mantha poganiza kuti padangotsala pang'ono.

"Ndalakwa, bambo."

"Walakwa, inde. Koma wanena nthawi ikadalipo, ndipo zimenezonso ndaziona. Mabatire atsala ndi mphamvu yojambula kamodzi kokha. Mankhwala aja ayenera kuchoka. Amene sanafunse ndiwe, ndiye amene akapemphe ndiwenso."

5. Madzi ofunda

Tabita adapeza Manesi pa benchi akuyamwitsa. Sadaime chiriri monga amachitira a yunifolomu. Adakhala pansi pambali pake.

"Amake Elia, ndikupepesa. Chithunzi chimene munamva a Zuberi akuyamikira chija sichinali choona. Mankhwala ali pamutupa ali ndi dzimbiri la khasu, ndipo dzimbirilo likuphimba makina kuti asaone m'kati. Sitikudziwa ngati madzi ali ochepa kapena ochuluka. Kuti tidziwe, tiyenera kuwasambitsa."

Manesi adafumbatira mutu wa mwana wake.

"Ayi, achemwali. Apongozi ananenetsa kuti mankhwalawa akachoka liwombo lisanatseke, mphepo ilowa m'mutu, mwana apita. Bambo ake, a Samueli, anandilola kubwera kuno pokhapokha nditalumbira kuti palibe akhudze pamenepa. Ine ndili pa ukwati wa kwa eni. Mwanayu akangoti chinachake chamuchitikira, ndikalowera kuti?"

"Ndikumva, mayi. Inenso mayi anga anandipaka ndili khanda. Sindikuti apongozi anu ndi oipa."

"Nanga bwanji osangojambula chomwecho? Poyamba paja munatha."

"Poyamba paja ndinanama."

Mvula inkalira pa malata.

Tabita adatambasula chala chake, chimene chinali chikadali ndi tinyenyeswa takuda. Adatenga kamaginito kamene kankagwira chitseko cha kabati ya pakhonde, n'kukayandikiza. Tinyenyeswa tija tidadumpha n'kukakamira. Manesi adadzidzimuka.

"Chiyambire kumupaka, mutu wasiya kukula?" adafunsa Tabita motsitsa mawu.

Manesi adapukusa mutu. Chipewa chimene Elia adavala chinali chachiwiri, pakuti choyamba chidamuthina.

"Sindikukakamizani, ndipo ine sindikhudza popanda inu kulola. Mwana ndi wanu. Koma mukabwerera lero osadziwa, njira ikatsekeka, mudzadziwa mochedwa."

Manesi adalira mwakachetechete. Kenaka adapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Bweretsani madziwo. Koma akhale ofunda. Ndipo ndimusambitsa ndekha, kuti akadzafunsa, mlandu udzakhale wa mayi ake."

Namwino adabweretsa beseni ndi sopo. Manesi adanyowetsa phala lija pang'onopang'ono, n'kumalikanda ndi chikhadabo mosamala, akuimba kanyimbo kapansipansi. Zimene zidachoka adazikulunga m'kansalu n'kuzisunga m'chikwama chake panja. Liwombo lidaonekera, lotambalala, lotupa, likugunda.

6. Chithunzi chenicheni

A Zuberi adapukuta makina onse ndi nsalu yonyowa mpaka kanyenyeswa komaliza kadachoka. Adauza Tabita kuti ayeze mapu atsopano mwanayo ali m'kati momwemo, asadalirenso a m'mawa. Iwo adaima kumbuyo kwake, manja ali m'thumba, ndipo sadakhudze batani ngakhale limodzi.

Makina adagogodanso. Kanyali ka mabatire kadasanduka kofiira ntchito ili pakati.

Chithunzi chidatuluka cha timadontho, chosakongola konse. Tabita adaika mapu atsopano aja, ndipo m'mbali mudawongoka. Njira yosalazira ija sadaikhudze. Dzenje panalibe. Pamalo pake padaoneka madzi ochuluka, atakankhira ubongo wa Elia kukhoma la chigaza mpaka kutsala kopyapyala.

"Mulungu atichitire chifundo," adanong'ona a Zuberi. "Tumiza chimenechi."

Sipadapite nthawi, foni ya a Zuberi idalira. Anali Dokotala Ruksana, ndipo mawu awo adamveka m'chipinda monse.

"A Zuberi, mwana uyu asagone kumeneko. Akwere ambulansi lero. Tikamuika kapaipi kotulutsa madziwa msanga, ali ndi mwayi. Akadikira mvula kutha, sindikulonjeza kanthu."

Manesi adagwada pomwepo pasimenti. Tabita adamudzutsa, n'kumuthandiza kufunditsa mutu wa mwana ndi chitenje chouma, pakuti chipewa chija chinali chodzaza ndi mankhwala.

7. Pageti

Ambulansi inali itaima pakhonde, injini ikulira. Manesi adaponda phazi limodzi pakhomo pake pamene njinga yodzaza matope idalowa pageti. Wokwerapo anali mwamuna wamtali, wovala jekete long'ambika paphewa, atamanga bulangeti ndi kathumba ka ufa pakaliyala. Anali Samueli. Adapalasa mtunda wonse uja m'mvula kuti mkazi wake ndi mwana asagone ndi njala kuchipatala.

"Amake mwana, mukupita kuti?"

"Ku Lilongwe, bambo ake. A dokotala ati madzi achuluka m'mutu. Ati tipite lero."

Samueli adatsamiritsa njinga pakhoma. Adayandikira kuti aone nkhope ya mwana wake, ndipo adakweza chitenje chija mwachikondi. Dzanja lake lidaima m'malere. Adayang'ana liwombo loyera lija, kenaka adayang'ana mkazi wake.

Sadakalipe. Adangomutenga Elia m'manja mwa mayi ake, n'kumufungatira m'jekete, n'kubwerera m'mbuyo.

"Mwana wanga sakwera galimoto imeneyi. Ndani wachotsa mankhwala a amayi?"

Dalaivala adaliza hutala, n'kuloza kumwamba kumene mitambo ina yakuda inkabwera kuchokera ku Ntchisi. A Zuberi adati apite kwa Samueli, koma Tabita anali atatsika kale pakhonde. Adayenda m'mvulamo mpaka pamaso pa Samueli, n'kugwada m'matope ndi yunifolomu yake yoyera.

"Ndine ndinawapempha, bambo. Musanapite naye, ndiloleni ndikuonetseni chimene chili m'mutu mwa mwana wanu."

Samueli adamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumawondo. Dzanja limodzi lidagwira mwana, ndipo linalo lidafika pa handulo ya njinga, ngati wofuna kubwerera naye kumudzi.